Paki ya Mágoè ndi yoyenda wapansi, ndipo oyamba kuiyenda tikhale ife

Funsani munthu wa ku Ulongwe kapena ku Furancungo kuti chigawo chathu cha Tete chimatchuka ndi chiyani. Akuwerengerani malasha a ku Moatize, magetsi a ku Cahora Bassa, kachewere wa ku Angónia ndi Tsangano, fodya, mbuzi, kenako aseka n'kuwonjezera kutentha kwa mumzinda wa Tete. Mukadikira kuti atchule paki yosungirako nyama zakutchire, mudikira mpaka nkhuku zitalowa m'khola. Komatu pakiyo ilipo. Boma linaikhazikitsa mu 2013, dzina lake ndi Parque Nacional de Mágoè, ili kummwera kwa nyanja ya Cahora Bassa m'maboma a Mágoè ndi Cahora Bassa, ndipo kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 3,500. Zaka zoposa khumi zadutsa, koma ambiri a ife okhala kumtunda kuno sitinaipondeko, ena sitinaimve n'komwe.

Maganizo anga ndi awa: pakiyi sidzakhala ndi moyo podikira alendo a kunja obwera pa ndege ndi makamera aatali. Chimene ingagulitse lero ndi ulendo waufupi woyenda wapansi, wa masiku awiri kapena atatu, wotsogozedwa ndi anthu a m'midzi ya komweko. Ndipo oyenera kuyamba kugula ulendo umenewo ndife, eni chigawo.

Sikuti anthu athu ndi aulesi kapena osakonda kuona malo. Pali zifukwa zimene zinatitalikitsa ndi chigwa cha Zambezi. Nkhondo ya pachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992 inathamangitsira anthu a m'maboma a kumpoto kwa chigawo chino ku Malawi ndi ku Zambia. Pa nthawi ina Malawi anasunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Amene anakulira m'misasa ya ku Dedza ndi ku Ntcheu anabwerera akudziwa njira za ku Lilongwe kuposa za ku Chitima, ndipo mpaka lero msika wa Lizulu uli pafupi ndi mtima wathu kuposa doko lililonse la pa Cahora Bassa. Panalinso mabomba okwirira. Kuzungulira damu la ku Songo ndi m'malire a Zimbabwe munali mizere ya mabomba yochokera m'nkhondo za m'ma 1970, ndipo dziko lino linalengeza kuti lathana ndi minda ya mabomba yodziwika mu September 2015, pakiyi itakhazikitsidwa kale. Mayi amene anakula akuuzidwa kuti asapatuke m'njira sangalole mwana wake kukayenda m'tchire la eni ake chifukwa chongosangalala. Mantha amenewo ndimawamvetsa, koma chimene chinawabala chinapita.

Tisanamizane. Mágoè si Gorongosa. Ku Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, nkhondo inapululutsa nyama zikuluzikulu zoposa 90 peresenti, koma kuchokera mu 2008 pamene boma linasainirana pangano ndi bungwe la Greg Carr, munthu wolemera wa ku America, kwalowa ndalama zambiri, akatswiri, misewu ndi malo ogona, moti lero mukhoza kukhala m'galimoto n'kumawerenga nyama pa dambo mpaka kutopa. Ku Mágoè kulibe zimenezo. Ndi dziko louma la mitengo ya tsanya ndi milambe, mapiri amiyala, ndi mitsinje imene miyezi yambiri imakhala mchenga wokhawokha. Nyama zilimo: njovu, ngoma, nswala, njiri, anyani, afisi, mvuu ndi ng'ona m'mbali mwa nyanja, komanso chilembwe, nyama imene pakiyi imanyadira. Koma ndi nyama zochenjera, zimene zakhala zikusakidwa ndi mfuti ndi misampha ya waya kwa zaka zambiri. Zikamva injini zimalowa m'kati galimoto isanafike. Wopita ndi galimoto akuyembekezera zimene amaona pa wailesi yakanema adzabwerera ndi fumbi m'mphuno ndi mawu akuti kulibe kanthu.

N'chifukwa chake ndikuti wapansi. Woyenda wapansi saona nyama zambiri kuposa wa m'galimoto, mwina amaona zochepa. Chimene amapeza n'china.

Mumanyamuka kusanache bwino, nthawi imene nkhanga zikutsika m'mitengo. Mumayenda mondondozana, mlonda wa paki wa mfuti patsogolo, kenako wotsogolera wa m'mudzi, inu pambuyo, pakamwa potseka. Ine ndi anzanga titapitako, bambo amene anatitsogolera, munthu wachikulire wolankhula Chinyungwe chimene Mchewa amatolamo mawu ambiri akatchera khutu, anali ndi kansalu komangamo phulusa. Akayenda pang'ono ankakagwedeza, n'kuyang'ana kumene phulusalo likulowera. Njovu siona patali, koma mphuno yake ndi yoopsa, choncho mphepo iyenera kuchokera kwa iyo kubwera kwa inu. Titafika pa mtsinje wouma anaima n'kutilozera mapazi mumchenga, lakutsogolo lobulungira, lakumbuyo lotalikirapo, ndi timizere ta kuphazi tikuonekabe bwinobwino, kusonyeza kuti mphepo ya masana inali isanawombepo. Chapatsogolo panali ndowe. Anazigumula ndi chidendene, n'kuika kuseri kwa dzanja pakati pake.

"Zadutsa liti, bambo?" anafunsa mnzathu wina monong'ona.

"Tambala woyamba. Taonani zimene zadya, aphunzitsi."

M'ndowemo munali nthangala za masawu zodzaza manja awiri. Masawu omwewa amene amayi amagulitsa m'mabeseni m'mbali mwa msewu wa ku Tete, amene ana athu amatafuna ndi ena amatcheza kachasu, njovu nazo zimawafuna, ndipo m'miyezi yozizira zimayenda usiku kuchoka m'tchire kutsata mitengo yake, yomwe yambiri ili pafupi ndi midzi ndi minda. Ndowe imodziyo inatiphunzitsa chifukwa chimene munthu ndi njovu amakumanirana m'chigwachi kuposa mmene msonkhano wa tsiku lonse ungachitire. Njovuzo tinangoziona misana patali zikulowa m'tsanya, koma palibe amene anadandaula.

Pofika chakumasana tchire la tsanya limakulangani. Tsamba lake lili ndi mbali ziwiri zooneka ngati mapiko a gulugufe, ndipo dzuwa likakula mbali ziwirizo zimapindana kuti mtengo usataye madzi. Mumakhala pansi pa mtengo wamasamba, mthunzi wake n'kukhala wosakwana ndi mbuzi yomwe. Pamenepo pamabwera tinjuchi tating'ono tosaluma, tofuna thukuta m'makona a maso ndi m'makutu, ndipo mukatiphwanya fungo lake limaitana tinzake. Izi sizilembedwa pa zikwangwani zokopa alendo. Koma munthu amene wakhala maola awiri pansi pa tsanya akudikira dzuwa kupendeka amayamba kumvetsa chifukwa chimene anthu a kuchigwa amalimira mapira ndi mchewere, amawetera mbuzi, ndiponso amakakamirira dimba la m'mbali mwa madzi ngakhale kuli mvuu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife a kumtunda, amene mvula imatigwera mokwanira ndipo timafunda mabulangete awiri mu June, timafulumira kunena kuti a kuchigwa ndi osauka chifukwa salima. Kayendeni kaye mtunda wawo.

Tsopano nkhani ya ndalama, poti ndi pamene pagona mkangano weniweni. Pakiyi isanabadwe, dera limeneli linali mbali ya pulogalamu ya Tchuma Tchato, imene inayamba mu 1994 ku Bawa, kufupi ndi malire a Zimbabwe moyang'anana ndi Zumbo. Inatengera nzeru ku CAMPFIRE, pulogalamu ya ku Zimbabwe yoti midzi ipindule ndi nyama zakutchire, ndipo inali yoyamba ya mtundu wake m'dziko lino. Mfundo yake inali yosavuta kumva: alenje olemera a kunja amalipira ndalama zambiri kuti aphe nyama zowerengeka, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo limabwerera kumidzi. Mungathe kudana ndi ulenje wotere, ine sindiukonda, koma mudzi unkaona kuti njati yamoyo m'tchire ili ndi mtengo wake. Pamene mbali ya deralo inasanduka paki, lamulo linasintha, chifukwa m'paki ya boma simusakidwa nyama. Midzi ili m'katimo ndi m'mphepete inatsala ndi njovu zomwezo, ng'ona zomwezo, malamulo ochulukirapo, koma khomo limene ndalama zinkalowera litatsekeka. Lamulo la mu 2005 limati 20 peresenti ya misonkho ya nkhalango ndi nyama ibwerere kwa anthu a m'deralo. Ndi lamulo labwino. Koma ngati pachipata sipalowa munthu, 20 peresentiyo ndi ya chiyani?

Apa ndi pamene ulendo wapansi umaposera wa galimoto. Mlendo wa galimoto amagula mafuta ku Tete, zakudya ku Tete, amalowa m'mawa n'kutuluka madzulo, ndipo mudzi umangoona fumbi lake. Gulu la anthu asanu ndi mmodzi oyenda wapansi silingasunthe popanda wotsogolera, onyamula madzi ndi mahema, wophika, mwina ndi mwini bwato wowaolotsa pa gombe. Limagula nkhuku, nsomba, ufa ndi nkhuni kwa anthu omwewo. Ndalamazi ndi zochepa, inde, koma zimagwera m'manja tsiku lomwelo, osayamba zazungulira ku Maputo, ku akaunti ya komiti, ndi m'matumba a amene amadziwa kusaina.

Ndipo amene amadziwa tchire ndani? Ndi yemwe uja amatchera waya. Tisachite manyazi kunena. Mnyamata amene angakuuzeni kuti apa padutsa chilembwe osati ngoma, amene amamva kulira kwa nsadzu n'kudziwa kumene kuli uchi, anaphunzira zimenezo posaka, monga anachitira atate ake ndi agogo ake. Chigwa cha Zambezi ndi kwawo kwa Achikunda, amene anatchuka m'mbiri ndi kusaka njovu ndi kupalasa mabwato. Nzeru zimenezo zilipo, ndipo pakadali pano wozigula yekha ndi wogula nyama yowamba. Tsidya lina la malire, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, katswiri wosamalira nyama zakutchire Norman Carr anayambitsa maulendo oona nyama wapansi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi zapitazo mothandizana ndi anthu a komweko, ndipo lero South Luangwa imadziwika dziko lonse ndi maulendo amenewo. Mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi pa Zumbo pathu pomwepa. Mitengo ndi yomweyo, nyama ndi zomwezo.

Pali otsutsa, ndipo ena mwa iwo akunena zoona. Woyamba ndi mlimi wa m'mphepete mwa paki. Iye akuti: inu a ku Ulongwe mukubwera kudzasirira njovu chifukwa kwanu zinatha kalekale, ndipo palibe imene inakudyeranipo munda. Sindingamuyankhe mwachipongwe. Gulu la njovu likhoza kumaliza usiku umodzi chakudya cha banja cha chaka chonse. Anthu amagona m'misasa ya kumunda akuimba zitini, akuwotcha tsabola wosakaniza ndi ndowe, ndipo ena amafa. Ng'ona za pa Cahora Bassa zimagwira amayi otunga madzi ndi asodzi. Ndalama ya wotsogolera alendo siingabweze mwana wogwidwa ndi ng'ona, ndipo wonena kuti zokopa alendo zithetsa mavuto onsewa ndi wabodza. Chimene ndikunena n'chochepa kuposa pamenepo. Njovu zilipo kale, kaya ife tipite kaya tisapite. Kusapita kwathu sikuchotsa njovu m'munda mwa munthu, kumangochotsa kandalama kamene kakanalowa m'mudzimo. Ndiponso anthu a m'tauni amene agonapo m'chigwa n'kumva zitini zikulira usiku ndi amene angafunse bwanamkubwa wa chigawo chifukwa chake midzi ya m'mbali mwa nyanja ilibe mijigo yokwanira, kuti amayi aleke kutsikira kumene kuli ng'ona. Dandaulo la mudzi wakutali likakhala la mudzi wokhawo, limathera pa mfumu.

Wotsutsa wachiwiri akuti zimenezi ndi za anthu okhuta. Mphunzitsi wa pulayimale kapena namwino atenga kuti ndalama zokayendera m'tchire? Funso labwino, koma tiyeni tiwerenge bwino. Kuchokera ku Ulongwe kutsika kudzera ku Mussacama ndi Moatize mpaka kuoloka mlatho wa Zambezi ndi makilomita opitirira pang'ono 200, ndipo machapa amayenda tsiku lililonse. Kuchoka ku Tete mumatenga msewu wa ku Songo mpaka ku Chitima, kenako n'kulowera kumadzulo, njira ya ku Mágoè. Tsiku limodzi lopita, lina lobwerera, awiri pakati. M'mapaki a dziko lino nzika imalipira zochepa pachipata kuyerekeza ndi mlendo wakunja. Chodula kwambiri ndi galimoto ya chigawo chomaliza cha ulendo, ndipo chimenecho chimapepuka mukakhala gulu. Timasonkherana za ukwati, timachita hayala minibasi kukaonerera mpira, makwaya amapita mpaka ku Beira. Ndalama ya ulendo timaipeza tikaona kuti ulendowo ndi wofunika. Vuto ndi loti kuyenda m'tchire popanda chokatenga timakuona ngati misala ya azungu. Munthu wakwathu akalowa m'thengo amayenera kutulukamo ndi nkhuni, bowa kapena mbewa. Kutuluka chimanjamanja n'kunena kuti ndakaona mapazi a njovu, apongozi angakuyang'aneni kawiri.

Za kutentha, yankho ndi kalendala. Musayerekeze kupita mu October kapena November, pamene chigwa chimapitirira madigiri 40 ndipo mwala umaotcha kudzera m'nsapato. Nthawi yake ndi kuyambira May mpaka August: m'mawa kumazizira, udzu wagwa moti mumaona patali, misewu ndi youma, ndipo nyama zimayandikira madzi. Nyamulani madzi ambiri kuposa amene mukuganiza kuti mumwa, neti ya udzudzu poti malungo a kuchigwa sachitira chifundo munthu wa kumapiri, nsapato zimene phazi linazolowera kale, ndi zovala zosawala. Zakuda ndi zabuluu zimakopa kashembe.

Pa za ngozi sindinyengerera. Musalowe nokha, ndipo musalowe ndi wotsogolera wa m'mudzi yekha popanda chilolezo cha oyang'anira paki ndi mlonda wawo. Njovu yaikazi ya mwana siyopusitsana nayo, njati yovulazidwa ndi waya imabisala n'kudikira, ndipo mvuu imene mwaitsekera njira yobwerera kumadzi imathamanga kuposa inu. M'mbali mwa nyanja musasambe, musatsuke mbale mutagwada pamadzi, ngakhale pataoneka bata chotani. Mlonda akati imani, mumaima. Akati bwererani pang'onopang'ono, simuthamanga. Munthu wosamva zonena ena akhale kunyumba, angaphetse anzake.

Ndipatuke pang'ono. Ife Achewa tili ndi Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Pabwalo pamatuluka njovu, mkango, kasiyamaliro. Mwana wa ku Angónia kapena Macanga amazidziwa zilombo zimenezi, amadziwa nyimbo zake, amadziwa kuti njovu situluka pa mwambo wamba. Koma nyama imene makolo anaiona n'kuipatsa ulemu wotere, mwanayo sanaionepo, ndipo mapiri a kwathu tinawameta mpaka mitengo yakale inangotsala kumanda. Imeneyo inatsala chifukwa pali lamulo limene aliyense amaliopa. Ndiye tisamanene kuti kusunga nkhalango ndi nzeru yobwera. Kuchigwa nakonso kuli malo a mizimu amene mlendo saloledwa kuponda kapena kuloza ndi chala, ndipo wotsogolera akakuuzani kuti apa tilambalale, Mchewa sayenera kufunsa kawiri. Ndingakonde ana a sekondale a m'maboma athu, pa tchuthi cha m'nyengo yozizira, atamapita m'magulu ang'onoang'ono ndi aphunzitsi awo a sayansi. Kukaona damu ku Songo, khoma lotalika mamita 171 limene linamalizidwa mu 1974, ndi chinthu chabwino, ndipo masukulu ena amachita. Kuwonjezera usiku umodzi m'hema kumadzulo kwake sikungagwetse sukulu.

Mbali ina ya ntchitoyi si yathu, ndi ya ANAC, bungwe la boma loyang'anira malo otetezedwa kuyambira mu 2011. Sindikupempha mahotela. Ndikupempha zinthu zotsika mtengo: njira ziwiri kapena zitatu zodziwika zoyenda wapansi, ina ya tsiku limodzi, ina ya kugona, malo omangapo mahema okhala ndi chimbudzi ndi thanki ya madzi, mndandanda wa otsogolera a m'midzi ophunzitsidwa, ndi mtengo wawo wolembedwa poyera kuti pasakhale kunenerera kapena kuberana. Uthenga umenewu umveke pa mawailesi a m'madera m'Chichewa ndi m'Chinyungwe, osati m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi mokha pa intaneti ngati kuti wofunidwa ndi wa ku Johannesburg basi. Mu 2024 maboma a Zimbabwe, Mozambique ndi Zambia anasainirana pangano la ZIMOZA loti asamalire limodzi nyama za m'chigawo chino cha Zambezi, poti njovu zimaoloka malire mmene zifunira. Mapangano otere amabweretsa misonkhano, magalimoto atsopano ndi malipoti. Ndikufuna kuona ngati abweretsanso pepala limodzi lomatidwa pa siteji ya machapa ku Tete ndi ku Ulongwe, lonena kuti kulowa ndi meticais zakuti, mlonda ndi zakuti, wotsogolera ndi zakuti, imbani nambala iyi.

Pepalalo lisanamatidwe, njira ilipo kale, kungoti ndi yotopetsa. Pezani anzanu asanu, funsani ku ofesi ya chigawo yoona za chilengedwe mumzinda wa Tete kuti akulumikizeni ndi oyang'anira paki, gwirizanani tsiku ndi mtengo musananyamuke, ndipo ndalama ya wotsogolera ndi onyamula katundu muwapatse m'manja mwawo, pamaso pa anzawo.